Usiku wanga ndi MoHex

Usiku wathawu ndasewera Hex ndi pulogalamu ya MoHex mpaka tambala woyamba kulira. Masewerawa anawayambitsa Piet Hein mu 1942: bolodi la timabokosi ta mbali zisanu ndi imodzi, 11 uku 11 uku, ndipo aliyense mwa osewera awiri amalimbana kuti alumikize mbali zake ziwiri za bolodilo ndi mzere wa miyala yake. Kulepherana kulibe, wina amapambana basi.

MoHex anaipanga ku University of Alberta, ku Canada. Isanaike mwala, imayamba yasewera yokha magemu masauzande mwachisawawa, n'kusankha malo amene apambanitsa kawirikawiri. Chimene chandigwira mtima n'chakuti imaponya mwala kutali, pooneka ngati popanda ntchito, koma pakapita nthawi ndimapeza kuti mwala womwewo ndi umene wanditsekera njira. Madzulo ano ndibwererakonso, abale.