Bowa amene anasamuka ndi mitengo

Lolemba m'mawa, ndisanafike n'komwe pa ofesi, malaya anali atanyowa kale ndi thukuta. Novembala wa mumzinda wa Tete ndi wotero. Kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo kamphepo kochokera ku Zambezi kamafika ngati katuluka m'ng'anjo ya njerwa. Ine ndimaphunzitsa zolembalemba ndi luso lopeka nkhani pa yunivesite ina mumzinda muno. Chaka chino tinapangana ndi mnzanga wophunzitsa sayansi ya zachilengedwe kuti tiphatikize ophunzira athu kwa sabata imodzi. Iye ankafuna kuti ake azilemba zoti munthu n'kuwerenga mpaka kumapeto. Ine ndinkafuna kuti anga aziyamba aona chinthu bwinobwino asanatole cholembera.

Ntchito yoyamba inali yosavuta: aliyense alembe tsamba limodzi lonena za kumene anakulira ndi mmene kwasinthira. Mapepalawo ndinachezera nawo usiku, mtima ukundipweteka. Chipwitikizi chake chinali chosalala, koma onse ngati walemba ndi munthu mmodzi. Mnyamata wa ku Moatize analemba za kuwonongeka kwa chilengedwe osatchulapo fumbi lakuda la malasha limene limatera pa zovala zoyanika. Wa ku Chingodzi, amene anaona ndi maso ake madzi a mtsinje wa Revúboè atadula mlatho mu Januwale 2022 pa nthawi ya namondwe Ana, analemba za kusintha kwa nyengo ngati akukopera m'buku. Mtengo uliwonse unali mtengo basi. Msuku munalibe, mlambe munalibe, ngakhale msawu umene amadya zipatso zake chaka ndi chaka.

Lachiwiri ndinawafunsa chifukwa chake. Mtsikana wina wa ku Angónia sanabise mawu: "Aphunzitsi, mayina a kumudzi aja si a kuyunivesite."

Sindinamudzudzule, chifukwa tonsefe tinaphunzira m'sukulu zimene zinkatiuza zomwezo. Chondiwawa n'chakuti kuno ku Tete n'kumene anayesera koyamba kuphunzitsa ana m'Chinyanja, kuyambira 1993 mpaka 1997, pomwe ku chigawo cha Gaza, kum'mwera kwa Mozambique, ankayesera Chishangana, ndipo mu 2003 maphunziro a zinenero ziwiri anayambika m'sukulu zina za pulayimale. Koma mwana akamakwera makalasi, chinenero cha mayi ake amachivula n'kuchisiya pakhomo ngati nsapato zamatope.

Lachitatu tinanyamuka ulendo wa ku Angónia. Galimoto imene tinalonjezedwa sinaoneke, choncho tinasonkherana ndalama n'kuchita hayala minibasi, imene kuno timati shapa. Tinawoloka Zambezi, tinadutsa Moatize, n'kukhotera pa Mussacama. Milambe inatsala m'mbuyo, mphepo inayamba kuzizirira, ndipo m'mphepete mwa msewu munali matumba a makala ndondondo, azimayi akugulitsa mbatata ya kachewere ndi masuku m'zidebe. Tinagona ku Ulónguè.

Tsiku lenileni linali Lachinayi. Titalonjerana ndi amfumu a mudzi wina kunja kwa tawuni, mnzanga anatenga gulu lake kupita m'mbali mwa phiri. Anakhoma zikhomo, anamanga chingwe mamita 20 mbali zonse zinayi, n'kuyamba kuwerenga zitsa ndi kuyeza ndi tepi kukula kwa mitengo yotsala. Anga ndinawakhazika pakhonde la agogo ena amene ankaswa mtedza wambewu, ndipo ndinawauza kuti alembe mawu monga momwe akutulukira pakamwa, osawakonza.

Agogowo anayang'ana kuphiriko kwa kanthawi, manja osaleka kuswa mtedza. "Ana anga, anzanuwo akuwerenga zitsa. Bwenzi atabwera kwa ine ndiwawerengere ndiwo zimene zinatha." Anatchula bowa mmodzimmodzi, akupinda zala. "Utale ukadalipo, mvula ikagwa umatuluka pachulu monga kale. Koma ndelema ndi manyame, iyayi. Tinkazula kuseri kwa phiri ilo, pansi pa misuku ndi mombo, lichero kudzaza dzuwa lisanakwere. Atatha kudula mitengo ija, bowa nayenso anasamuka."

Mnzanga anali atabwera kudzapempha madzi akumwa. Anaika kapu pansi, n'kunjuta pafupi ndi mphasa. "Agogo, tabwerezaninso zimene mwanenazo." Agogo anabwereza, akudabwa kuti chachilendo n'chiyani.

Madzulo ake anatifotokozera tonse titakhala pansi pa mtengo wa mango. Ndelema ndi manyame ndi bowa amene moyo wake uli pa mizu ya mitengo ya m'nkhalango za miombo. Timaulusi take timakuta mizu ya msuku ndi mombo, n'kumathandiza mtengowo kuyamwa madzi ndi michere ya m'nthaka monga fosifolasi. Mtengo nawo umabwezera shuga amene masamba ake apanga ndi dzuwa. Ukadula mtengo, bowayo amafa ndi njala. Utale uli ndi njira ina: umalimidwa ndi chiswe m'kati mwa chulu, n'chifukwa chake umatulukabe ngakhale phiri litayera. Agogo aja anali atagawa bowa m'magulu awiri ndendende monga momwe mabuku amagawira, chonsecho sanapondeko m'kalasi. Mnzangayo anavomera kuti phunziro limeneli amaliphunzitsa chaka chilichonse ndi mawu aatali ochokera ku Chigiriki, ndipo ophunzira amaliiwala mayeso akangotha.

Ine zimenezi zinandikhudza mwanjira ina. Chiganizo chija chakuti bowa anasamuka ndi cha mlembi weniweni. Muli kuyenda, muli chisoni, ndipo n'choona ngakhale pa sayansi. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza ophunzira kuti afunefune mneni wamoyo, osadziwa kuti ndikanangowatumiza kwa agogo awo.

Lachisanu m'mawa tinabwereka kalasi ku Ulónguè kuti alembenso. Ndinawamasula: yambani m'chinenero chimene chinthucho chinakuchitikirani, Chipwitikizi chibwera pambuyo. Wa ku Moatize analemba m'Chinyungwe za mayi ake akuchapanso nsalu imene anali atachapa kale dzulo lake. Mtsikana wa ku Angónia uja anavutika kwambiri. Chichewa amachiyankhula kuyambira ali kumsana, koma anali asanachilembepo. Pepala lake linali lofufutafufuta, mawu akuti ng'ombe atawalemba mitundu itatu. Ataimirira kuti awerenge, pepala linkanjenjemera m'manja. Anawerenga za tsiku limene amalume ake anagwetsa msuku wa kuseri kwa khola kuti awotche makala a fizi yake ya sekondale, ndi mmene iye anatolera masuku osapsa pa nthambi zogwazo n'kuwakwirira m'phulusa. M'kalasi munangoti zii. Palibe amene akanawada amalumewo, ndipo palibe amene akanati mtengowo sunali kanthu.

Pobwerera mu shapa, mnzanga anatulutsa fomu yake yolembapo mitengo n'kujambula mzere watsopano ndi rula, pamwamba pake n'kulemba kuti dzina la kumudzi.

Malamulo athu amafunabe kuti ntchito yomaliza ya wophunzira iperekedwe m'Chipwitikizi chokha. Loweruka ndinakhala pansi kulemba kalata yopempha kuti m'phunziro langa aziloledwa kupereka m'zinenero ziwiri, ndipo mnzanga wasayina nawo. Ndili mkati molemba, mtsikana uja anagogoda kudzapempha kope lake. Akuti mvula ikakhazikika mu Disembala apita ndi agogo ake kumanda a kwawo, kumene misuku sinadulidwe, akaime m'mphepete n'kulemba bowa aliyense ndi mtengo umene wamera pansi pake.