Mowa wanga wopanda hops uja, ulendo wachitatu tsopano

Lero lakwana tsiku lachisanu ndi chimodzi chiyikireni chigubu changa kuseri kwa chitseko, ndipo m'mawa uno ndatsegula ndalawa. Ndati ndilembe msanga ndisanaiwale, chifukwa maulendo awiri oyamba aja sindinalembe kalikonse, pano ndikulephera ngakhale kukumbuka kuti nimu ndinathira masamba angati. Komabe anali ambiri, zimenezo ndiye sindingaiwale kkkk.

Hops ndi timaluwa tobiriwira tija timene timapangitsa kuti Green izimveka kuwawira pakhosi. Kuno kwathu sungatipeze pamsika, ndiye m'malo modandaula ndinayamba kufufuza kuti kodi azungu asanayambe hops ankatani. Eti ankangothira zitsamba zakutchire kwawo, yarrow, sweet gale ndi zina, msakanizo wake nkumautchula kuti gruit. Hops anachita kubwera pambuyo, mpaka mu 1516 ku Bavaria anakhazikitsa lamulo loti mowa ukhale wa madzi, barley ndi hops basi. Ku Ethiopia mpaka lero mowa wawo wotchedwa tella amathira chitsamba chowawa chotchedwa gesho. Ndinangoti aaa, ndiye ife zitsamba zatithera kuti?

Woyamba ndinaphika mu Okutobala, kutentha kuja, unasasa masiku atatu okha ngati viniga. Wachiwiri ndi wa nimu uja. Mnzanga wa ku Chinamwali atangoti kamodzi kwaa analavulira pa maluwa a landilodi nkuti aise, uwu si mowa, ukufuna kundichiza malungo amene ndilibe? Chigubu chonse chinathera m'ngalande.

Ulendo uno ndasintha. Chimera cha mawere kilo imodzi ndinagula mumsika waukulu mwa amayi ogulitsa za thobwa, ndinaphatikiza ndi mgaiwa makapu awiri womwe ndinayamba ndauphika kaphala kamadzimadzi. Apa ndi pamene ndinkalakwitsa kale: chimera ndinkachithira m'madzi obwadamuka, osadziwa kuti moto wambiri umapha mphamvu ija imene imasandutsa ufa kukhala shuga. Pamafunika cha m'ma 65 digiri, ine thermometer ndilibe ndiye ndimangoviika chala, chikapirira kamphindi nkuyamba kuwawa ndiye kuti zili bwino. Ndinavundikira poto ndi bulangete kwa ola ndi theka, potsegula phala lija linali litasungunuka, lotsekemera ngati thobwa la lero lomwe. Kusefa ndi kansalu koyera (ntchito yotopetsa kwambiri ndi imeneyi, manja anachita kufiira), kenako kuwiritsa madziwo kwa ola limodzi.

Zitsamba ndinathira kumapeto, kutatsala mphindi khumi: mpungabwi dzanja limodzi wothyola kuseri kwa nyumba, lemon grass masamba asanu, jinja kachidutswa ngati chala chachikulu, ndi makoko a mandimu awiri kuti pakhale kakuwawa pang'ono. Uchi masipuni anayi nditaphula. Kuziziritsa sikunavute, madzi apampopi a ku Mulunguzi mu Juni muno amachita kuluma mano, ndinangokhazika poto m'beseni. Yisiti wa buledi theka la kasipuni, pakamwa pa chigubu baluni yoboola ndi singano. Masiku awiri oyamba zii, baluni ili lende, ndinayamba kuganiza kuti chiperoni chandiphera yisiti. Tsiku lachitatu ndikudzuka ndinapeza yafufuma, mkati mukumveka tswii tswii.

Tsono kakomedwe. Mtundu wake ndi wofiirira, wa mbuu, suoneka kuseri kwa galasi. Fungo loyamba kukufika ndi mpungabwi, moti ndinakumbuka kumudzi agogo akukupiza nthambi zake m'nyumba kuthamangitsa udzudzu, sindikudziwa ngati ndi zabwino kuti mowa uzikukumbutsa udzudzu koma ine zandisangalatsa. Jinja akumveka kumapeto, lemon grass wasowa, ngati sindinathire nkomwe. Ndipo kusasa kwayambako, kapatalipatali.

Kusasako ndi kumene kwandiganizitsa. Hops sikuti amangowawitsa, amaletsanso tizilombo tija timene timasasitsa mowa, nchifukwa chake anagonjetsa zitsamba zinazo, mowa wake unkakhalitsa nkumayenda mitunda osawonongeka. Ine ndakhala ndikulimbana ndi kusasa ngati mdani. Ndiye mwamwayi azakhali a ku Jali ali kuno, anabwera ku chipatala dzulo nkugona kwathu, ndipo iwowa masese afulula zaka zambiri. Ndinawapatsa m'kapu ndikuchita manyazi. Ananunkhiza kaye, kumwa, kukhala chete, kenako akuti mwana iwe, waphika mowa kapena tiyi? Ndinati azakhali ndi mowa, kungoti wayamba kusasa. Anaseka mpaka kutsokomola, akuti mowa wosasasa ndi wa ana, vuto lako si limenelo, vuto ndi loti ndi wopepuka ngati madzi otsukira mbale, chimera unaumira. Akutinso chigubu cha pulasitiki ndichisiye ndipeze mbiya yakale imene yaphikirapo mowa, yokhayo imawiritsa popanda yisiti wa m'sitolo. Za mbiyazo ndikukayikabe pang'ono chifukwa sudziwa chimene chikukhala m'menemo, koma za chimera akunena zoona, ulendo wamawa ndithira kilo ndi theka pa madzi omwewo.

Ndathira m'mabotolo apulasitiki anayi, agalasi ndikuopa angandiphulikire usiku. Awiri ndimwa sabata ino, limodzi ndilisiya mpaka Loweruka la mawa ndione kuti kusasa kufika pati. Lachinayi azakhali aliika kale m'chikwama, akuti akalawitse anzawo ku Jali akaseke nawo. Mpungabwi ndichepetsa ndi theka, ndipo ndikapeza chidede chouma mumsika ndiyesa kuthirako, mwina mtundu wa mbuuwu ungafiireko bwino.