Holster ya wamanzere yandidyera sabata

Lolemba ndinayamba ndi kuononga chikopa. Oda inali ya holster, kathumba kachikopa konyamulira mfuti m'chiuno, ya mfuti ya Glock 19, ya pancake, zija za zikopa ziwiri zosokedwa pamodzi zokhala ndi mabowo awiri a lamba, ndiye kasitomala anali atanena kale kuti ndi wamanzere, ndinachita kulembanso pa patani, koma manja anazolowera zina, ndinangoyala katoni ya pataniyo ngati masiku onse, osaitembenuza, nkudula. Ndimazindikira mpeni nditaika kale pansi. Mtima unawawa ndithu chifukwa chinali chikopa cha paphewa, cha 8 oz, pafupifupi 3 mm, chopanda chipsera ngakhale chimodzi. Ndasunga zidutswazo, wogwiritsa dzanja lamanja adzapezeka.

Ine holster ndimapanga ndi veg tan basi, chikopa chofufutidwa ndi makungwa a mitengo. Chofufutidwa ndi mankhwala a chrome chija nchofewa, chabwino ku majekete ndi mipando, koma sichisunga shepu ndipo mchere wake umatha kuononga chitsulo cha mfuti.

Lachiwiri guluu ndi kusoka. Singano ziwiri ulusi umodzi waphula, bowo lililonse singano zonse zidutsemo. Zimachedwa inde koma ulusi ukadzaduka penapake msoko wonse sumasuka ngati wa makina.

Lachitatu ndiye tsiku lenileni, loumba chikopa kuti chitenge shepu ya mfuti. Mumaviika holster m'madzi ofunda kamphindi kochepa chabe, nkuisiya kaye mpaka mtundu uyambe kubwerera koma mukaigwira ikuzizirabe, apo ndi pomwe chikopa chimamvera. Ndinalowetsa blue gun, kamfuti kapulasitiki ka saizi yeniyeni, nditamata kamtengo pamwamba pake kuti saiti yakutsogolo, kolozera kaja ka kunsonga kwa mfuti, idzakhale ndi njira yodutsa isamakande chikopa. Kenako zala, kenako kafupa kosalala, kutsata mzere uliwonse makamaka pozungulira tiriga pomwe holster imagwirira mfuti. Tiriga iyenera kubisika yonse, pamenepo sindinyengerera munthu. Zikhadabo ndimawengeratu chifukwa chikopa chonyowa chimasunga chilichonse, mukangochikanda chipsera chake nchamuyaya, ndipo kafumbi kachitsulo kakangogwerapo pamatuluka kadontho kakuda, nchifukwa chake ponolera mipeni pali kutali ndi tebulo limeneli. Kuumitsa nkwa pang'onopang'ono, kamphepo kofunda basi, mukapsereza chikopa chimakwinyika nkuyamba kuthetheka.

Lachinayi dayi wabulawuni, kenako m'mphepete. Kusenga, sandipepala, timadzi, kukhutiza ndi kamtengo mpaka mphepete ziwiri zija zioneke ngati chikopa chimodzi, phula pomaliza. Ntchito imeneyi ndimaikonda kuposa zonse ngakhale makasitomala ambiri sayang'anako nkomwe. Pamwamba Resolene, mankhwala otetezera chikopa, wosungunula theka ndi theka ndi madzi, mopyapyala kawiri.

Lachisanu mwiniwake anabwera. Tinachotsa magazini ya zipolopolo mu mfuti, tonse awiri nkuona kuti mulibe chipolopolo, analowetsa mfuti nkutembenuza holster chadodolido pamwamba pa tebulo, sinagwe. Posolola ndiye inalimba, akuti bwanji muipake mafuta ambiri ifewe. Ndinati ayi bwana, mafuta akachuluka pakamwa pa holster pamafota ndipo tsiku lina pobwezera mfuti chikopa chikhoza kupindikira mkati nkukankha tiriga. Ndinawauza kuti akulunge mfutiyo m'kapepala kapulasitiki nkuisiya mu holster usiku umodzi, imasuka yokha pang'ono. Loweruka m'mawa anatumiza meseji kuti yayamba kutuluka bwinobwino ndipo akufunanso kathumba ka magazini, pa patani yake ndalemba WAMANZERE mbali zonse ziwiri.