Galimoto yanga ya tayala limodzi

Eya, ndine ndemwe. Munthu amene mukumuona pachithunzi chija, atakhala mu wilibala pakati pa minibasi ndi Hilux yoyera, atafunda ambulera ya maluwamaluwa pamzere wa mafuta, ndine. Lekani kunditumizira pa WhatsApp n'kumafunsa kuti "Akulu, si inu awa?" Mukudziwa bwinobwino kuti ndine. Chithunzicho n'cha 2022, koma popeza wina wachifukula ndipo chafika mpaka pagulu la azibambo akumpingo, kuli bwino nkhaniyi muimve kwa mwiniwake, chifukwa mmene akuifotokozera alamu anga mchere ukuchuluka.

Chaka chimenecho mukuchikumbukira. Namondwe Ana ataononga damu la ku Kapichira mu Januwale, mamegawati pafupifupi 130 anangochoka nthawi imodzi, ndipo makinawo anadzayambanso kuzungulira mu 2023. Kwathu ku Area 25 magetsi ankabwera anthu tili mtulo, n'kuchoka tisanasukusule. Tsono mayi a Tadala amagulitsa mafilizesi ndi nkhuku zososolasosola. Filiza ikagona tsiku lonse osalira, mafilizesi amasanduka sobo wam'thumba, nkhuku n'kuyamba kupereka moni kwa aliyense wolowa m'nyumba. Tsiku lina madzulo, akukolopa madzi otuluka pansi pa filiza, anangoti, "Bambo a Tadala, anzanu m'nyumba zawo muli mainveta." Ankanena tizipangizo tija tosandutsa mphamvu ya m'batire kukhala magetsi a m'nyumba. Sanaonjezerepo kanthu. Amene muli pabanja mukudziwa kuti mawu afupiafupi otere ndiwo amalanda tulo.

Pano ndikufuna mumvetse chinthu chimodzi, chifukwa ena mukuyankhula ngati ndinangodzuka n'kukataya ndalama. Ine ndinafufuza. Ndinadziwa kuti batire ya galimoto siyoyenera ntchitoyi: inapangidwa kuti ipereke mphamvu zambiri kwa kamphindi poliza injini, ndipo ukamaikama mpaka pansi tsiku ndi tsiku imafa msanga. Yofunika ndi ija amati deep cycle. Ndinadziwanso masamu ake: batire ya 12V yolembedwa 100Ah papepala imasunga mphamvu zoyatsa chinthu cha mawati 100 kwa maola 12, koma ikakhala ya mtovu umayenera kudya theka lokha ngati ukufuna ikhalitse. Ndipo chinsinsi chachikulu, chimene ndinachisunga pamtima: batire yeniyeni ya saizi imeneyo imalemera makilo pafupifupi 30, chifukwa mtovu ngolemera. Ikapepuka, thawa.

M'mashopu a m'tauni ndinalowamo. Kumbukirani kuti kwacha anali atangoigwetsa ndi 25 peresenti mu Meyi. Ndinayang'ana mtengo, mtengo n'kundiyang'ananso, ndinathokoza mlonda wa pakhomo n'kutuluka.

Ndiye ndinatsikira ku Malangalanga.

Sindinayende n'komwe mtunda. Mnyamata wina wovala bwino, wa mawu aulemu zedi, anandipeza yekha. "Madala, nkhope yanu ikuonetsa kuti kwanu kuli mdima. Batire? Inveta? Katundu wangotsika kumene kuchokera ku Joni." Anandilowetsa m'kanjira, n'kutulutsa batire yakuda, yonyezimira, yokhala ndi chomata cha dzuwa likumwetulira. Ine osayankhula zambiri, ndinapinda malaya, n'kugwira zogwirira zonse ziwiri, n'kunyamula. Msana unalira kuti "khwa!" Mumtima ndinati zikomo Ambuye, iyi ndiye yeniyeni. Ndinamuuzanso mnyamatayo, ndi mawu a munthu wodziwa zinthu, kuti anthu ambiri amaberedwa chifukwa sayesa kulemera. Anagwedeza mutu mwachisoni, n'kunena kuti, "Zoona madala, dziko laipa." Anandiikirapo inveta yolembedwa 3000W ndi zilembo zagolide, yopepuka moti ndinainyamula ndi zala ziwiri. Zonse pamodzi sizinafike ngakhale theka la mtengo wa batire yokha ya m'shopu.

Usiku umenewo babu linayaka. TV inayaka. Tadala anavina. Kenako ndinaitana banja lonse kuti lidzaone mwambo waukulu, n'kulumikiza filiza. Inveta inakuwa kuti "tiiiii!", kanyali kofiira kanaphethira, nyumba yonse bii. Ndinachotsa filiza, ndinayatsanso babu lokha, koma nkhani za pa TV zisanathe nalonso linali litafiira.

M'mawa kunabwera alamu anga, amene amagwira ntchito za magetsi ku Kanengo. Anayamba ndi inveta. Akuti kuti kanthu ka 12V katulutse mawati 3,000 kayenera kukoka ma-amp oposa 250, ndipo mawaya onyamula mphamvu yotere amanenepa kuposa chala; awa anali owonda mofanana ndi a tchaja ya foni. Akutinso filiza ikamadzuka, kompuresa yake imakoka mphamvu kangapo kuposa imene imadya ikamayenda, n'chifukwa chake kainveta kanga kanakuwa. Atatero anatenga sikuludiraiva n'kukanula chivundikiro cha batire.

M'katimo munali kabatire kakang'ono ka njinga yamoto, katakhala phee pakati, timawaya tiwiri tikupita kumitu ija. Kwina konseko unali mchenga.

Koma tinene chilungamo, unali mchenga wabwino. Wakumtsinje, wosefasefa, wopanda kamwala ngakhale kamodzi, wotsendera mwaluso kuti usagwedere. Alamu anaukhuthulira pathumba, n'kumaupukusa ndi zala, n'kunena kuti, "Alamu, apa mwagula wopulasitalira." Ine ndimangofunsa kuti pamenepa ndinaphonya pati? Malangizo anati makilo 30. Inali makilo 30. Amene analemba malangizowo ndiye akafotokoze. Nditabwerera ku Malangalanga, pamalo paja ndinapeza bambo wina akugulitsa nsapato za kaunjika, ndipo analumbira kuti akhalapo chiyambire nthawi ya Kamuzu osaonapo munthu wogulitsa mabatire.

Jenereta ndiye ndinaigula kwa munthu wodziwika, mnzanga wa kuntchito amene ankasamuka. Kajenereta kaja kakang'ono ka two-stroke, ka mawati 650, kamene umasakaniza oyilo ndi petulo, muyezo umodzi wa oyilo pa miyezo 50 ya petulo. Thanki yake malita anayi. Anakaliza pamaso panga, kanalira, ndipo ndisanalipire ndinakagwedeza kaye kuti ndimve ngati m'kati simukuyenda mchenga.

Vuto linali limodzi: inali nyengo ija mafuta anasowa, mizere ikuchita kukhota m'misewu. Ndinapita ndi chigubu pamalo omwetsera mafuta, mtsikana wa papampu n'kundibweza ndisanatsegule pakamwa. "Zigubu ayi bambo, anthu akukagulitsa mobera. Tikuthira mu thanki basi."

Mu thanki basi.

Ndinabwerera kunyumba ndikuwatafuna mawu amenewa. Thanki ine ndinali nayo. Palibe ananena kuti thankiyo ikhale ndi matayala anayi. Mbandakucha ndinakabwereka wilibala kwa aneba omanga nyumba, ndinayalamo chiguduli, n'kukhazikamo jenereta, ulendo.

Poyamba ndinafuna kuima pamzere wa njinga zamoto, koma anyamata a kabaza anandithamangitsa, ati injini yanga siyenda yokha. Ndinapita kwa magalimoto. Ndinaima kumbuyo kwa minibasi, ndinasiya mpata wokwanira monga mwa malamulo a pamsewu, ndinatsitsa zogwirira. Posakhalitsa kumbuyo kwanga kunaima Hilux. Dalaivala wake anatsitsa galasi, anandiyang'ana, anayang'ana wilibala, anakwezanso galasi.

Mzere ukasuntha, aliyense ankaliza injini kapena kukankha galimoto yake. Ine ndinkadzutsa zogwirira, tayala n'kumati "kwii, kwii, kwii," mamita atatu, n'kutsitsa. Nthawi ina ndinachedwa pang'ono chifukwa ndinkamanga chingwe cha nsapato, a Hilux aja anandiimbira hutala. Hutala, anthuni, kuimbira wilibala! Ndinatulutsa dzanja kumbali n'kuwakodola kuti ngati ali pachangu andipitirire.

Kondakitala wa minibasi ndiye anapeza ntchito. "Biggie, yanuyi ndi automatic kapena manual?" Sindinayankhe. "COF ili bwinobwino? Apolisi ali kutsogoloku." Sindinayankhe. "Inshulansi mwamata pati?" Anthu a m'magalimoto oyandikira anayamba kutuluka kudzaona, ena kufunsa mozama kuti imayenda makilomita angati pa lita. Kenako kunabwera kamnyamata konyamula ndowa ndi nsanza, kamene kankatsuka magalimoto pamzerepo. Kanatsuka minibasi, kanafika pa ine, kanaima, kanaganiza, n'kunena mosaseka n'komwe, "Bwana, titsuke?" Ndinaona kuti kukana kukhala ngati ndikudzichepetsa pamaso pa Hilux. Ndinati tsuka. Kanatsuka jenereta, kanatsuka wilibala, kanagwada n'kupukuta tayala mpaka kuwala, n'kundiuza kuti mpweya wachepa. Ndinakalipira mtengo wa galimoto yaing'ono. Aneba aja mpaka lero amati wilibala yawo sinayerepo chotero.

Dzuwa la mu Okutobala ku Lilongwe mukulidziwa. Anzanga onse anali ndi madenga, ena akugona atapendeketsa mipando. Ine denga ndinalibe. Ndiye ndinatambasula ambulera imene mayi a Tadala anandiponyera ndikutuluka, ndinasuntha jenereta pang'ono, n'kukhala m'galimoto mwanga ngati wina aliyense. Apo ndi pamene munthu wopanda chisoni uja anajambula. Mayi wogulitsa mazira owiritsa, amene ankagogoda pagalasi la galimoto iliyonse, atafika pa ine anasowa pogogoda, n'kugogoda m'mbali mwa wilibala kuti "ngo, ngo, ngo." Ndinatsitsa ambulera pang'ono ngati galasi, ndinagula awiri, ndinakwezanso. Nditafuna kukataya madzi ndinapempha a Hilux kuti andiyang'anire, iwo n'kufunsa kuti, "Mwakhoma zitseko?"

Koma pali chimene chithunzicho sichikuonetsa, ndipo alamu akamafotokoza amachidumpha dala. Titayandikira pampu, kunatulukira Benz yakuda ya magalasi osaonekera m'kati, ikufuna kulowerera kutsogolo kwa minibasi. Madalaivala onse ankangoimba mahutala, palibe ankatha kusuntha. Ndani anali ndi galimoto yotha kukhota paliponse? Ndinadzutsa zogwirira, kwii kwii kwii, ndinadutsa pakati pa minibasi ndi ngalande, n'kuipingasa wilibala kutsogolo kwa Benz ija, ine n'kukhalamo, ambulera m'mwamba. Mzere wonse unaombera m'manja. Benz inabwerera chambuyo. Kondakitala uja, yemwe uja, anandisungira malo n'kumanditcha "bwana dalaivala." Zimenezi palibe anajambula.

Papampu ndinapeza mtsikana yemwe uja wa dzulo lake. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti, "Bambo, thanki ili mbali iti?" Ndinatsegula kachivundikiro pamwamba. "Ya zingati?" Ndinayang'ana kumbuyo kuti a Hilux amve bwino, n'kunena mokweza, "Fulu thanki." Anakanikiza, pampu isanayambe n'komwe kuimba bwino inali itadula kale. Kuima kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kupendeka, kuthira kwake kosakwana mphindi imodzi.

Kunyumba ndinathira oyilo, ndinakoka chingwe mpaka phewa kutentha, kajenereta kanadzuka n'kuyamba kulalatira mudzi wonse. Tinalumikiza filiza. Kanatsokomola kawiri, kanagwada, kanazima. Filiza yathu ndi ija yakale yaikulu, ndipo nkhani ya kompuresa imene alamu ananena sinasinthe chifukwa choti ine ndaima pamzere. Nkhuku zinasamukira kwa achemwali awo a mayi a Tadala, amene kwawo magetsi sankazimazima, ndipo pa nkhuku khumi zilizonse imodzi inkatsalira konko ngati lendi.

Kajenereta kanatsala ndi TV, mababu ndi mafoni. Tsono jenereta suiika m'nyumba, ngakhale m'khitchini kapena pakhonde lotseka, chifukwa utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka komanso wosanunkha, umene umapha anthu ali mtulo. Iyenera kukhala panja, patali ndi mawindo. Koma jenereta yolira panja usiku, dera lonse lili mumdima, imakhala ikuitana akuba ndi mawu ake omwe. Ndiye pankafunika mlonda. Madzulo aliwonse banja linkakhala pabalaza likuonera TV, aneba atandandalika mafoni awo patebulo langa, ine ndili panja pampando, tcheni chimodzi chamangidwa ku jenereta ndi kumtengo wa mapapaya, ndikudzimenya mbama pothamangitsa udzudzu. Mpira ndinkaumvera kwa Tadala, amene ankakuwa pawindo kuti, "Adadi, agoletsa!" Ndikafunsa kuti wagoletsa ndani, phokoso la jenereta linkameza yankho.

Kajenereta kaja kalipobe, kali m'stolo, kakudikira sipaki pulagi. Mchenga uja tinapulasitalira khonde.

Sabata yatha alamu omwe aja, amene amandiseka kwambiriwo, andiuza kuti ku Dedza, cha kumalire, kuli munthu ali ndi mabatire a lithium otsika mtengo kwabasi, ngakhale kwacha inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Akuti amenewa umatha kuwakama pafupifupi mpaka pansi osafa, ndipo eniake amakhala opepuka, moti msana wanga sungathandizenso kuyesa. Loweruka tikupita. Kukangoona chabe. Khadi la ku banki mayi a Tadala alibisa kale.