Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Tsiku lomwe tinaiwala mwana ku mkaka

Paja ulendo watha ndinalekezera pomwe tinasamuka ku Kawale kupita ku Area 25 eti? Tiyeni tipitirize pompo. Munali mu 2023, ine ndikugwira ntchito pa shopu ina ku Old Town, bambo akunyumba ku Kanengo, ana atatu: chisamba chili Sitandade 8, wachiwiri Sitandade 3, kamzime ka zaka zitatu kali ku mkaka. Wantchito tinalibe. Tinkati tipeza mtsikana chaka chikamatha, koma kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala muja, nkhaniyo inathera pomwepo.

Mmawa mwathu anthuni munali chipwirikiti. Kudzuka 4 koloko, upeze magetsi azima, uyambe kukupiza mbaula makala ake onyowa, phala lisanapse wina akulira kuti sokosi imodzi sakuiona, wina ndi pomwe akukumbukira kuti aphunzitsi anati aliyense abwere ndi tsache. Tsache, 6 koloko mmawa! Ndiye ukatuluka mochedwa ngakhale ndi mphindi 15 zokha, pa siteji anthu ali mbwee, pa M1 galimoto zangoti ndondondo, kuntchito ukafika nkhope ya abwana yakwinyika kale.

Ndiye kunabwera Lachinayi lija. Ine mumtima ndimati mwana akatenga ndi abambo ake poti ku Kanengo ndi pafupi, iwonso amati ndikatenga ndine poti ndinawauza kuti ndiweruka msanga. Kunena ndinanenadi, koma ndimanena za Lachisanu. Foni yanga inali itathima kuyambira masana, usiku wake kunalibe magetsi. Ndafika pakhomo kukuchita mdima, tomato ndi bonya zili m'jumbo, ndapeza bambo ali phee pa mpando akumvera wailesi.

"Kamwana mwakagoneka kale?"

"Si muli nako inu mayi?"

Jumbo ija sindikudziwa kuti inagwera pati. Ndinakwera kabaza osafunsa ndi mtengo womwe. Kusukulu geti lotseka, mlonda nkundilozera nyumba ya kuseri kwa mayi amene amaphikira ana phala. Ndinakapeza kali mtulo pa mkeka pakhonde, atakafunditsa chitenje chawo, kachikwama kake atatsamira ngati pilo, mmanja katagwira chidutswa cha mbatata. Mayiwo anangoti, "Musade nkhawa amayi, wadya nsima, wasambanso." Sanandikalipire nkomwe, ndipo chimenecho ndi chomwe chinandiliza.

Usiku umenewo tinakangana kaye, ndisakunamizeni. Koma titatopa nako kulozana zala, bambo anatsitsa kalendala ya kutchalitchi pa khoma, tinaitembenuza, kuseri kwake nkulemba masiku Lolemba mpaka Lachisanu ndi dzina la wokatenga mwana tsiku lililonse. Lamulo linali loti amene wamutenga atumize meseji yoti "ndamutenga", ngati alibe mayunitsi angoflasha kawiri. Kusukulu tinasiyakonso nambala ya aneba athu, kuti mafoni athu onse akathima pakhale wachitatu.

Zinazo zinabwera pang'onopang'ono. Ndinaona kuti chomwe chimandipha si kuchuluka kwa ntchito ayi, koma kuti zonse ndimaziunjika mmawa. Ndiye Lamlungu tikabwera ku tchalitchi linasanduka tsiku lokonzekera sabata. Mayunifolomu onse kusitiratu magetsi akadalipo, mtedza kukazinga ndi kusinjiratu nsinjiro kuika m'botolo kuti nkhwani wotendera asamadye nthawi, nyemba kuziviika usiku poti zoviika zimapsa msanga, makala sapita ambiri. Nyengo ya masamba ndimafutsa nkhwani ndi khwanya, kuyanika padzuwa, kuti tsiku lomwe ndafika usiku ndisamathamangirenso kumsika. Mbatata ya kamba wa kusukulu ndimaphika madzulo pa moto womwe waphika nsima, makala akadali ofiira. Zikwama zimagona pafupi ndi chitseko, nsapato pansi pake sokosi zili mkati, ndipo funso loti "aphunzitsi anati mubwere ndi chani" limafunsidwa pa nsima ya madzulo. Wokumbukira mmawa apita chimanjamanja, akaona yekha.

Pa ndalama ndinachita zachikale, maenvelopu. Ya minibasi, ya makala, ya kuchigayo, ya banki mkhonde. Ena amati sungani mu foni, koma ine ndalama ya pa Mpamba kapena Airtel Money imandiyabwa, ndimangozindikira yathera mabandulo.

Ana nawonso tinawagawira zochita. Wachiwiri uja, ngakhale ali mnyamata, mbale ndi zake, ndipo sabata yoyamba nsima timadyera m'mbale zonunkha sopo koma ndinadzigwira osazitsukanso, chifukwa ukangobwereza ntchito ya mwana pamaso pake mawa sagwiranso. Chisamba chimasesa ndi kutunga madzi mpopi ukauma, kungoti mayeso a MANEB atayandikira tinachipumitsa kuti chiziwerenga. Bambo anatenga kusita ndi kusambitsa kamzime. Kusita amatha kundiposa, izi ndivomere poyera, mzere wa thalauza umachita kuwongoka ngati wa msilikali.

Sikuti zonse zinangoti myaa. Mpaka pano pali masiku oti ndimatulukira pa geti mpango uli mmanja. Koma 4 koloko ija inasanduka hafu 5, ndipo kamzime sikanagonenso pakhonde la eni.

Vuto linabwera apongozi anga aakazi atabwera kuchokera ku Mchinji kudzationa. Analowa pa geti dengu lili pamutu, nkupeza mwana wawo wagwada pa beseni, sopo mpaka m'zigongono, akusambitsa kamwana, ine ndili pa mpando ndikusankha mpunga. Anatula dengu lija osayankha ndi moni womwe, nkundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Mawu oti khuzumule ndinawamva madzulo ake ndili kukhitchini. Zimenezo ndikuuzani mu gawo 15.