Usiku umene ma invoice a miyezi inayi anasowa

Shopu yathu ndi kachipinda kamodzi kufupi ndi Gulf Complex, pakati pa tauni ya Harare. Tinayamba awiri, ine ndi alamu anga, tikukonza malaputopu ndi kusintha mabatire. Agogo anga anachoka ku Dedza nthawi ya Chitaganya n'kudzakhazikika ku Mufakose, ndipo m'shopumo timayankhulabe Chichewa ngakhale makasitomala timawalonjera m'Chishona.

Ntchito yomwe ikutidyetsa lero inabwera kampani ya Broadcom itagula VMware, kampani yopanga pulogalamu yoyendetsera maseva angapo pa kompyuta imodzi, mu 2023, malayisensi n'kukhala olipira chaka ndi chaka. Makampani ang'onoang'ono anayamba kufunafuna wowasamutsira maseva awo (makompyuta osunga ndi kuyendetsa ntchito za kampani) kuchoka ku VMware kupita ku Proxmox, pulogalamu ina yogwira ntchito yomweyo. Tinadzipereka.

Kutembenuza disiki ya seva, yomwe imakhala fayilo, kuti igwire ntchito ku Proxmox sikuvuta ayi. Ndi kapulogalamu ka qemu-img, fayilo ya VMware yotchedwa VMDK imasanduka qcow2, yomwe Proxmox imagwiritsa ntchito, iwe ukumwa tiyi. Mavuto amayamba poyatsa. Windows yozolowera VMware ikapeza disiki yolumikizidwa m'njira ya VirtIO, yomwe timagwiritsa ntchito ku Proxmox, pomwe driver wake (kapulogalamu koithandiza kuzindikira disikiyo) ilibe, sikirini imangochita buluu, n'kulemba INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE. Ndiye timayamba talumikiza disikiyo ngati SATA, njira yomwe Windows imaidziwa kale, kuikamo ma driver, kenako n'kusinthira ku VirtIO. Seva ina imakana chifukwa inali yoyaka m'njira yatsopano ya UEFI koma yayatsidwa ndi SeaBIOS, pulogalamu yoyatsira ya njira yakale, m'malo mwa OVMF, ya njira yatsopanoyo. Zimenezi munthu amazizolowera.

Chimene sindidzaiwala chinachitika kwa kasitomala wogulitsa zitsulo ku Graniteside. Tinasamutsa seva yawo ya akaunti Lachisanu usiku, inayaka bwinobwino, ndinakagona mtima uli m'malo. Lolemba m'mamawa mayi wosunga mabuku, mdzukulu wa matchona ngati ine, anaimba mawu akunjenjemera: "Achimwene, ma invoice a miyezi inayi mulibemo."

Thukuta linandituluka kuli kozizira. Pa seva yakale panali snapshot, yomwe ili ngati chithunzi cha mmene disiki inalili nthawi inayake, yomwe wina anapanga n'kuiiwala. Snapshot ikakhalapo, disiki yaikulu imaima pomwepo, ndipo zonse zolembedwa pambuyo pake zimalowa m'fayilo ina, ya dzina lokhala ndi 000001. Ine ndinatenga fayilo yaikulu yokha, ya flat, n'kusiya miyezi inayi ya thukuta la anthu m'mbuyo. Kulakwako kunali kwanga, ndipo ndinawauza eni kampani choncho.

Anatipulumutsa ndi alamu. Lachisanu lija ndinkafuna kufufuta seva yakale kuti tipeze malo, iwo anandigwira dzanja: "Alamu, isiyeni kaye sabata imodzi." Tinaiyatsanso, tinaphatikiza snapshot ija ndi disiki yake, n'kutembenuzanso usiku wonse, inveta ili pambali poopa kuti magetsi angazime fayilo ili pakati.

Chiyambire tsikulo, fayilo iliyonse yokopedwa timaiyesa ndi kapulogalamu ka sha256sum kuti tione ngati ikufanana ndi yoyambayo, ndipo sitilandira ndalama mpaka wosunga mabuku atsegule yekha invoice yomaliza, aione ndi maso ake. Mayi aja ndi amene anatitumizira kasitomala yemwe disiki yake ya VHDX, yochokera ku Hyper-V (pulogalamu ya Microsoft yonga VMware), ili patebulo sabata ino.