Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Mbande 120 zimene ndinakazula ndekha

M'gawo lapita lija ndinasiyira pamene ntchito yothyola tiyi inatha, mvula ya 2016 itakata. Ndinabwerera kwathu ku Thekerani ndi K38,000 m'thumba, satifiketi ya MSCE yopindika pakati, ndi msana umene unali usanaiwale dengu. Mayi anandilandira ndi nsima ya nandolo, osandifunsa chilichonse. Amalume ndiwo anafunsa, tsiku lachiwiri: “Tsono mphwanga, wabwera kudzakhala kapena kudzapuma?”

Yankho ndinalibe. Ndinangotenga khasu n'kutsikira kumunda wa nthochi kuseri kwa nyumba.

Amene simunakulire kuno ku Thyolo mwina simungamvetse kuti nthochi zinali chiyani kwa ife. Ndili ku pulayimale malori ankachita kufola mumsewu kudzatenga mikoko yopita ku Limbe ndi ku Lilongwe. Fizi yanga ya Fomu 1 inachokera m'munda umenewo, malata a nyumba ya mayi chimodzimodzi. Munthu ukadwala, ankangodula mkoko, ya thiransipoti yapezeka. Koma chimene ndinapeza tsiku limenelo chinali china. Mitengo inali yopinimbira, masamba ang'onoang'ono oimirira, ounjikana pamwamba ngati tsache, m'mbali mwake mwachikasu. Panalibe ngakhale umodzi woti waponya. Chinali chisaka, matenda a nthochi, ndipo mudzi wonse unali utachidziwa kale dzina, kungoti aliyense ankayembekezera kuti chitha chokha.

A mlangizi a zaulimi a m'dera lathu anali mayi wa msinkhu ndithu, woyenda pa njinga yakapalasa, chitenje chomanga pamwamba pa buluku. Anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango kwa amfumu, ndipo ine ndinapitako chifukwa chosowa chochita. Anabwera ndi tsamba la nthochi, n'kuliyang'anitsa kudzuwa, kutionetsa timizere tobiriwira kwambiri toduka-duka m'mitsempha yake. Kenaka anafunyulula khungwa la kamwana ka nthochi, ndipo mkati munali nsabwe zakuda zitaunjikana. Anati matendawa anayamba kuoneka ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1990, ndipo amayenda njira ziwiri zokha: nsabwe zimenezi zikayamwa mtengo wodwala n'kukatera pa wabwino, ndi ifeyo anthu tikamagawana ana a nthochi. Mankhwala ochiza palibe. Chofunika n'kupha nsabwe kaye, kenaka kukumba chitsa chonse, kuchiduladula, kuchikwirira.

Anthu anang'ung'udza. Amalume anaimirira, chipewa m'manja. “Amayi, nthochi zimenezo anabzala ndi agogo athu. Inu mukuti tizule, tidya chiyani?”

A mlangizi anayankha mofatsa: “Bambo, nanga panopa mukudyapo chiyani?”

Palibe anaseka. Amalume anakhala pansi, ndipo anatha masabata atatu osandiyankhula bwino, chifukwa ine ndinali woyamba kupita kukawauza a mlangizi kuti munda wa mayi tizula. Munda ndi wa mayi, inde, koma kwathu kuno mwinimbumba sapitidwa pambali. Mayi ndiwo anakawanyengerera usiku wina. Tinakumba zitsa zoposa 90, ine ndi mlongo wanga, manja mpaka matuza. Chitsa cha nthochi chikakhalitsa chimakula ngati mtondo, ndipo ukasiyako kachidutswa chimaphukanso ndi matenda omwewo.

Pa ntchito yozula imeneyi ndi pomwe a mlangizi anandionera. Tsiku lina atakhala pa chitsa akumwa madzi anandifunsa ngati ndimadziwa kuti anthu onsewa akazula adzafuna mbewu, ndipo mbewu yabwino kulibe. Anati, “Achimwene, inu munapita kusukulu, mutha kulemba. Ntchito ilipo apa, koma ndi ya munthu wosamala.”

Anandiphunzitsa kuchulukitsa mbande kuchokera ku chitsa chimodzi. Ndifotokoze pang'ono, chifukwa ambiri mumandifunsa. Umatenga mwana wa nthochi wathanzi, wa masamba osongoka, n'kusenga mizu yonse ndi mpeni woviika m'madzi a jiki. Kenaka umachotsa makungwa limodzi-limodzi mosamala, kuti maso amene ali m'munsi mwa khungwa lililonse aonekere. Ukafika pakati umabaya mtima wake ndi mpeni, kuti usamerenso. Mtima ukafa, mphamvu yonse imapita ku maso a m'mbali aja. Zitsazo umazikwirira mu utuchi wonyowa, m'kabokosi kofunditsa pulasitiki yoyera, pamthunzi. Mkati mumatentha, mumachita thukuta. Pakapita masabata angapo timphukira timayamba kutuluka, ndipo kalikonse kakachita masamba awiri kapena atatu ndi timizu, umakadula n'kukaika m'chubu cha dothi losakaniza ndi manyowa. Chitsa chimodzi chimatha kukupatsa mbande khumi, nthawi zina kupitirira.

Tsiku loyamba kuona timitu tobiriwira tikuboola utuchi ndinaitana mayi ngati kwabadwa mwana.

Zitsa zoyamba 20 a mlangizi anandithandiza kupeza kuchokera ku mbewu yoyezedwa ya ku Bvumbwe, kumalo a kafukufuku wa zaulimi. Mpamba unali K38,000 ija ndi K25,000 imene mayi ananditengera ku banki m'khonde pa masheya awo. Utuchi ndinkakatenga kwa ocheka matabwa pa njinga ya amalume, imene ankandibwereka osandiyang'ana kumaso. Ndipo a mlangizi anandigulira kope la masamba 80 ndi ndalama yawo, n'kundijambulira mizere: tsiku, kumene chitsa chachokera, mbande zingati, wagula ndani, mudzi wake, walipira zingati. Ine ndinkaona ngati zotayitsa nthawi. Iwo akabwera sankayamba ndi kuona mbande, ankayamba ndi kope.

Mbande zoyambazo zinatha m'masabata awiri, mvula ya kumapeto kwa 2017 itangoyamba. Ndinabweza ngongole ya mayi ndi chiwongoladzanja chake, n'kugula nsapato. Dzina langa linayamba kumveka mpaka ku Masambanjati. Ndipo apa ndi pamene ndinalakwa.

Anthu ankabwera ndi ndalama m'manja, ine mbande ndilibe. Kudikira mbewu ina yoyezedwa kunkatanthauza miyezi, mvula n'kumapita. Kudimba kwina m'mphepete mwa mtsinje kunali nthochi zooneka bwino, zobiriwira, masamba otambalala, mwini wake ankagulitsa ana pa mtengo wotsika. Ndinaziyang'ana kudzuwa monga anandiphunzitsira, timizere osationa. Ndinagula 12. A mlangizi sindinawauze. M'kope, pa mzere wa kumene chitsa chachokera, ndinasiya mpata wopanda kanthu, chifukwa dzanja linakana kulemba bodza, komanso linakana kulemba zoona.

Chimene ndinkachidziwa koma n'kuchikankhira kumbuyo kwa mutu n'chakuti mtengo ukhoza kukhala ndi chisaka kwa masabata ambiri usanaonetse. Pa zitsa zimenezo ndinatulutsa mbande 120, zonse n'kugulitsa.

Mwezi wa Marichi 2018 kunabwera agogo ena a mudzi woyandikana nawo, atanyamula kamtengo kozula m'manja. Anali atazula munda wawo wonse chifukwa chomvera uphungu, n'kugulitsa mbuzi kuti agule mbande 15 kwa ine. Sanakalipe. Anangokaika pakhonde n'kunena kuti, “Mwanangu, taona mwana wako uyu.” Masamba anali ataimirira.

Usiku umenewo sindinagone. M'mawa ndinapalasa njinga mpaka kunyumba kwa a mlangizi, ndinawapeza akusesa pabwalo. Ndinawapatsa kamtengoko ndi kope. Anatsegula, chala chawo chinatsika ndi mizere mpaka pa mpata uja, n'kuima pomwepo. Ndinawauza zonse.

Anakhala chete nthawi yaitali. Mayi ameneyu anali atayenda midzi yonse kuuza anthu kuti akagule kwa ine. Dzina limene ndinaliika pamoto silinali langa lokha. Pomaliza anati, “Mwandipweteka, achimwene. Koma mayina a ogula munalemba?”

Ndinati ndinalemba onse.

“Ndiye pitani mukatenge khasu. Ine ndikuvala nsapato.”

Tinayenda masiku anayi, makomo 11. Pakhomo lililonse iwo ankapereka moni n'kukhala pambali, kulankhula ankandisiyira ine. Ndinkanena ndekha kuti mbande ndinakugulitsani zija zinachokera ku mbewu yosayezedwa, ndabwera kudzazizula, ndalama yanu ndibweza kapena ndidzakupatsani zina zabwino. Ena anamvetsa. Bambo wina anandinena mawu oti sindingawalembe pano, ndipo anali ndi chifukwa. Mayi wina anakana kuti zake zikuoneka bwino, tisazikhudze, mpaka a mlangizi anagwada naye pansi kumufotokozera kuti imodzi yodwala ikwanira kupatsira zonse za anansi ake. Tinkayamba tawaza madzi a sopo kuti nsabwe zisathawire kwina, kenaka kukumba, kudula, kukwirira. Pa 120 zija, zooneka kale matenda zinali zosakwana 30. Tinazula zonse.

Ndalama yobweza inalipo yochepa. Nsapato zija ndinagulitsa, foni yanganso. Zotsala zinachokera kumene sindinkayembekezera. Amalume anandiitana madzulo ena, n'kutulutsa ndalama zomangidwa m'kansalu, za nandolo wawo, chaka chimene nandolo anagwa mtengo dziko la India litachepetsa kugula. Anati, “Ukapereke kwa agogo aja poyamba. Mbumba yathu sidya mbuzi ya nkhalamba.” Sanawonjezere china.

Masiku ano ndimaitanidwa ku maphunziro a achinyamata ochita bizinesi, ku boma ngakhale ku Blantyre, ndipo ndimaphunzirako zinthu zothandiza: kulembetsa bizinesi, kutenga nambala ya msonkho ku MRA, kulemba pempho la ngongole. Sindikuzinyoza. Koma ndikamamva achinyamata anzanga akunena kuti chimene tikusowa ndi mpamba basi, mumtima ndimakana. Ine mpamba ndinali nawo, wochepa koma wokwanira, ndipo ndinatsala pang'ono kuwononga nawo minda ya midzi itatu. Alangizi ngati mayi aja ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi mabanja amene amayenera kuwayendera, njinga zawo n'zakutha, ndipo pa misonkhano ya m'mahotela sindinaonepo wina akuwaitana kutsogolo. Komatu ndi iwowo amene amadziwa kuti mnyamata uyu akhoza, uyu ayenera kudzudzulidwa, uyu tisamusiye yekha sabata ino.

Bokosi la utuchi ndinalikhuthula, utuchi wonse n'kutentha. Miyezi isanu panalibe mbande ngakhale imodzi pakhomo pathu, ndipo ndinkapita ku maganyu opalira chinangwa kuti ndipeze ya sopo. Mu Ogasiti a mlangizi anabwera ndi thumba kumbuyo kwa njinga, muli zitsa 15 zoyezedwa. Anati ndidzawalipira ndikagulitsa. Asanatsitse thumbalo anatambasula dzanja, ine n'kulowa m'nyumba kukatenga kope. Anatsegula tsamba latsopano, n'kundipatsa cholembera kuti mzere wa kumene zachokera ndilembe iwo akuona.

Mbande 15 zoyamba kukhwima ndinazinyamula pa njinga ya amalume kupita kwa agogo aja, ndipo maenje ndinakumba ndekha. M'gawo lotsatira ndidzakuuzani za mkoko woyamba wa m'munda wa mayi, ndi mmene namondwe wa Freddy anakokololera nazale yanga mu Marichi 2023.